Shelefu Yachiwiri ya a Kakombo

Munthu akafuna nyumba yathu sachita kufunsa nambala, amangotsata mphuno. Ukakhota pa sitolo ya matayala, fungo limayamba ngati la madzi amene munaiwalika maluwa m'botolo. Ukafika pa geti limasanduka la mazira owola. Ukalowa m'khitchini umazindikira kuti mazira aja umangowanamizira. Anzanga a kusekondale anasiya kubwera kalekale. Wina anandifunsa, nkhope ili gwa, ngati tili ndi galu wakufa kudenga. Ndinamuyankha kuti ayi, tili ndi bambo amoyo.

Bambo anga anthu amawatchula kuti a Kakombo. Ndikulemba za iwo chifukwa ndamaliza sukulu, zotsatira sizinatuluke, ndipo m'nyumba muno palibe amene amandimvera mpaka kumapeto kwa chiganizo. Mwina inu mundimvera.

Analowa ntchito pa koleji ya zaulimi ali mnyamata, kukatchetcha kapinga. Mphunzitsi wina anawaona akupinda nyuzipepala imene anakulungira chakudya chawo, akuiwongola ndi chikhatho mpaka kukhala ngati yosita. Tsiku lomwelo anawaitanira m'nyumba yosungiramo zomera zouma, ndipo sanatulukemonso mpaka imvi.

Ntchito yake ili chonchi. Chomera ukachitola kutchire umachigoneka pakati pa nyuzipepala, pansi thabwa, pamwamba thabwa, n'kumanga ndi malamba mpaka chiphwatalale. Chikauma umachimata pa pepala lolimba n'kuchiika m'kabati ya gulu lake, kuti ophunzira azidzachiona. Udzu suvuta, umauma wokha. Zovuta ndi zamadzimadzi, zokhala ndi mutu pansi ngati anyezi, ndi zamasamba onenepa ngati alovera. Zimenezi ndi zokanika kufa. Ukazipana zamoyo zimaphukira m'nyuzipepala momwemo, apo ayi zimawola n'kusanduka phala. Umayenera kuzipha kaye m'madzi owira, kuzicheka pakati, n'kukanda zamkati zonse. Anzawo ankaithawa ntchito imeneyi chifukwa cha kununkha. Bambo anga anaikumbatira.

Masiku amenewo, pa kolejipo, zomera zoterezi pafupifupi zonse zinali m'gulu limodzi lalikulu, gulu la akakombo. Makabati ake anadzaza khoma lonse, ndipo makiyi ankakhala m'thumba mwa bambo. Chizindikiro cha gululi anatiloweza pamtima ife ana tisanadziwe n'komwe kumanga nsapato: timasamba ta duwa sikisi, mitsempha ya tsamba yoyenda limodzi osapingasana, pansi mutu kapena muzu wonenepa. Ukalakwitsa ankakutenga kupita nawe panja, kukuŵerengetsa ndi chala.

Kenako kunabwera lamulo. Akatswiri, atayeza zomera mkati mwenimweni ndi makina awo, anapeza kuti gulu lija linali dzala chabe, lotayirapo chilichonse chosowa kolowera. Analigawa. Anyezi ndi adyo uko, alovera uko, katsitsimzukwa uko. Akakombo enieni anatsala ochepa, osadzaza n'kabati imodzi yomwe. Bambo anauzidwa kuti asamutse mapepala onse, ndipo anasamutsa ndi manja awo omwe, osayankhula ndi munthu. Posakhalitsa anapuma pa ntchito. Anawapatsa wotchi yapakhoma, imene mpaka lero ili m'katoni mwake.

Mpaka apa mwina mukuwamvera chisoni. Inenso ndinkawamvera. Dikirani.

Pafupi ndi khitchini yathu pali kachipinda kopanda windo komwe amayi ankasungiramo mpunga, mafuta ndi thumba la anyezi. Bambo atakhala pakhomo sabata yoyamba anakhomamo mashelefu. Anati gulu limene analiphwasula kuntchito alimanganso kuno, lathunthu, monga linalili. Anayamba kuyenda ndi kakhasu m'chikwama. Ankakumba m'mbali mwa misewu, ankapempha zozulidwa m'maluwa a pa chipatala, ankafukula ngakhale m'mabini a anthu. Zina ankazisunga zamoyo pa shelefu, zina ankazipana.

Koma kuno kulibe ng'anjo youmitsira ngati ya ku koleji. Kuli kachipinda kotentha ndi nyuzipepala zakale. Zopanidwazo zimachita chuku chobiriwira, cha ubweya ngati kamwana ka mphaka. Madzi achikasu a alovera amatsika m'matabwa n'kumadontha pansi, oterera, owawa moti ukangowakhudza tsiku lonse chilichonse chimene udye chimawawa. Mitu ina imaoneka bwinobwino kunja, koma ukaigwira chala chimalowa mpaka mkati, n'kutuluka ndi mphutsi. Mphemvu za m'menemo n'zonenepa, siziopa munthu, zimakuyang'ana ngati wabwera kudzabwereka mchere. Ndipo pophera zomera zawo bambo ankagwiritsa ntchito sefuliya ya amayi, yaikulu ija, n'kuibwezera pamalo pake itangotsukuluzidwa.

Amayi anga amaphikira anthu chakudya chamasana. Makasitomala awo ndi amuna a pa malo owotcherera zitsulo kumapeto kwa msewu wathu: mpunga, nyemba, nthawi zina nyama. Ndi ntchito imeneyi imene yandiphunzitsa sukulu. Anyezi amagula wa thumba. Thumba likangofika, bambo ankadikira kuti amayi atembenuke, n'kulikhuthula, n'kumuyala anyeziyo pa shelefu yachiwiri. Kumanzere kwake adyo. Kumanja kwake mitu ya duwa lina lofiira looneka ngati lipenga, limene anthu amadzala m'mbali mwa mipanda. Mutu wa duwa limeneli ndi anyezi weniweni m'maonekedwe, khungu lake lomwelo, kukula komweko. Kungoti sununkha anyezi, ndipo ndi poizoni. Ife tinkautchula kuti anyezi wabodza.

"Abambo, anyezi wanga ali kuti?" amayi ankafunsa, mpeni uli m'manja.

"Ali kwawo."

"Kwawo ndi m'poto."

"M'poto ndi kumanda kwake, mayi. Kwawo ndi pa shelefu yachiwiri."

"Nanga zinthu zanu zakuphazo bwanji osaziika kutali?"

"Kutali kuti? Gulu ndi limodzi. Munthu amene ali ndi mphuno sangasokoneze."

Amayi anayesa kubisa thumba kunsi kwa bedi, bambo analipeza. Anayesa kuliika kwa aneba, bambo anakalitenga mwaulemu, akuthokoza chifukwa chotisungira. Potsiriza amayi anatopa. Tinazolowera kulowa m'kachipindako titagwira mpweya, kutenga mutu uliwonse, kuukanda ndi chikhadabo n'kuununkhiza. Ine ndi amayi sitinalakwitsepo.

Kenako achimwene anga anabwera ndi akazi awo kudzakhala nafe kwa kanthawi, nyumba yawo ikukonzedwa. Alamu anga ndi munthu wachangu, wofuna kuonetsa apongozi kuti sanakwatire ulesi. M'mawa umenewo ine ndinali nditapita kukafunsa ntchito pa malo ena osindikizira mabuku, amayi ali kokagula nyama. Alamu anati asakhale manja lende. Anali ndi chimfine chotseka mphuno zonse ziwiri. Analowa m'kachipinda, anadzaza mbale pa shelefu yachiwiri, anasenda, anadula, anakazinga. Amayi pofika anapeza nyemba zikuwira kale, anamuyamikira mpongozi wawo.

Masana ndinaperekeza amayi kukatenga mbale kwa owotcherera zitsulo aja. Ndisananene china, dziwani kuti palibe amene anamwalira. Koma zimene ndinaona sindidzaziiwala. Makina onse anali zii. Amuna akuluakulu, amene amanyamula geti lachitsulo ndi dzanja limodzi, anali atagwada kuseri kwa malata, akusanza ngati ana. Wina dovu likungotsika mpaka pa ovolosi. Wina akugogoda chitseko cha chimbudzi ndi sipanala, akutukwana mnzake amene anali mkati. Mpunga unali paliponse, pansi, pa nsapato, pa zitsulo zimene amati apente tsiku lomwelo. Ntchentche zinali zitaitana kale abale awo. Mnyamata wamng'ono pa onse anali atamutengera kuchipatala pa njinga.

Kapitawo wawo ndi bambo wamfupi, wa ndevu zopserera mbali imodzi. Tsikulo anali atadya pang'ono chifukwa cha dzino. Anabwera kwa amayi atagwira pamimba.

"Mayi, takudyerani zaka zambiri. Tinakulakwirani chiyani?"

"Akapitawo, ine sindikudziwa..."

"Ngati ndi mawu aja ndinanena oti nyama ikuchepa, bwenzi mutangondiuza. Osati chonchi."

Wina kuseri kwa malata anakuwa kuti, "Auzeni kuti ndaona nsapato zanga zikutulukira m'kamwa!" Anzake anayesa kuseka, kusekako kunathera m'kusanza.

Kapitawo sanaseke. Anati Loweruka abwera yekha kudzaona pomwe amayi amaphikira. Akapeza pabwino, Lolemba chakudya chibwere monga kale. Akapeza zokayikitsa, basi, ayamba kudya kwa mayi wina wa kuseri kwa msika, ndipo sabisira munthu aliyense chifukwa chake.

Titafika kunyumba amayi anakhuthula bini ya m'khitchini pansi. Makungu anali pomwepo. Anakanda limodzi, kununkhiza, n'kukhala pansi pa simenti. Alamu anayamba kulira.

"Ndinadabwa ndithu, amayi," anatero uku akumina. "Ndimati anyezi wa kuno ndi waulemu bwanji, saliza munthu."

Bambo analowa atamva phokoso. Amayi anawafotokozera zonse, za amuna ogwada, za mnyamata wa kuchipatala. Bambo anamvetsera, anaŵerama, anatola khungu limodzi n'kuliunika pa windo. Kenako anathamangira m'kachipinda. Potuluka nkhope yawo inali yakugwa ndithu, ndipo ine mumtima ndinati hee, lero zawakhudza.

"Mwatenga ndi waukulu uja womwe," anatero. "Unali utatsala pang'ono kutulutsa duwa."

Ndamvapo fungo la chilichonse m'nyumba muno, koma palibe lonunkha ngati mawu amenewa. Sanafunse ngati mnyamata uja wadzuka. Sanafunse dzina lake n'komwe.

Amayi sanakuwe. Anadzuka, anasasa chitenje, anati, "Abambo, tamverani. Pofika Loweruka zakupha zanuzo zikhale zitatuluka m'nyumba muno, anyezi wanga abwerere m'khitchini. Apo ayi nditenga mapoto anga ndikaphikire kwa mng'ono wanga, ndipo komwe kuli mapoto anga ndi komwe ndimagona."

"Vuto si shelefu," bambo anayankha. "Vuto ndi chimfine."

Achimwene anatenga akazi awo tsiku lomwelo n'kubwerera ku nyumba yawo yosatha kukonzedwa. Anati bola fumbi la simenti.

Ine ndinaganiza kuti nkhaniyi ndikhoza kuithetsa ndi mutu. Ndinkadziwa kuti akatswiri anamuchotsa anyezi m'gulu la akakombo. Ndinati ndikabweretsa umboni, ndikauyala pa tebulo pamaso pa onse, bambo adzasowa ponena. Atsale ndi akakombo awo, amasule anyezi wa amayi, ndipo aliyense adzadziwa kuti nyumbayi inapulumutsidwa ndi mzime. Ndinalengeza zimenezi pa chakudya chamadzulo.

"Pita, mzime wanga," bambo anatero, akutafuna modekha. "Ukaone bwinobwino. Ukapeza kuti anyezi ndi duwa lofiira lija anawalekanitsa, ndidzawalekanitsa."

Amayi anandiyang'ana ndi diso la chiyembekezo. Bwenzi nditakayikira pomwepo, poti bambo anga savomera chinthu msanga chonchi.

Lachisanu ndinapita ku koleji. M'nyumba ya zomera zouma ndinapeza mayi wachitsikana wa magalasi, amene analowa m'malo mwa bambo. M'menemo munali mozizira, moyera, mukungomveka kafungo ka mankhwala othamangitsa njenjete. Ndinadabwa kuti kodi ntchito yomweyi imathekanso popanda mphutsi.

"Ndiwe mwana wa a Kakombo?" anafunsa. "Akadali moyo madala aja? Mpaka pano tikamatsegula kabati yakumapeto uko timawakumbukira."

Ndinamuuza chimene ndabwerera. Anati zoona, anyezi si wa m'gulu la akakombo, anachokamo kalekale. Ananditengera ku kabati ina, anatsegula, anasolola pepala. Anyezi, wophwatalala bwino, mizu yake yoyalidwa ngati tsitsi lopesa. Ndinadziwa dzanja la bambo.

"Nanga duwa lofiira lija, la ngati lipenga, la mutu wapoizoni, munaliika kuti?"

Mayiyo anangotsitsa dzanja pang'ono m'kabati yomweyo n'kusolola lina.

"Ili? Ndi gulu limodzi ndi anyezi. Anasamukira limodzi."

"Iyayi, achemwali, taonaninso."

"Ndione chiyani? Alovera anapita kwina, katsitsimzukwa kwina, koma awa ndi pachibale ndithu. Bwanji, wakhumudwa ngati wakanidwa ukwati?"

Ndinatsamira kabati. Ndinamufotokozera za shelefu yachiwiri. Anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"M'khitchini? Mwana iwe, kabati ndi kabati, khitchini ndi khitchini. Fodya ndi wachibale wa tomato, koma ndani amathira fodya mu supu? Ukawauze bambo ako."

Ndinabwerera wapansi, ndikuyeseza mawu amenewa njira yonse. Ndinapeza bambo atakhala pakhonde, akundidikira, miyendo atapingasa. Amayi anaima pa chitseko akupukuta manja.

"Wapeza chiyani, mzime?"

"Anyezi anachoka m'gulu la akakombo."

"Eya. Yekha?"

Ndinapukusa mutu. Bambo anayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo, misozi ikutsika.

"Ndinanyamula ndine mapepala amenewo! Ndi manja awa! Ngakhale ophwasula aja, ndi makina awo onse, awiriwa analephera kuwalekanitsa. Ndiye andilekanitsire ndani? Owotcherera mageti?"

"Koma akuti kabati ndi kabati, khitchini ndi khitchini," ndinatero. "Akuti fodya ndi wachibale wa tomato, koma..."

"Zoona zimenezo," anandidula, maso atawala. "Ndi mbatata ya kachewere yomwe, ndi tsabola. Ndakhala ndikuganiza zokhoma shelefu ina."

Amayi anapinda kansalu kamene amapukutira manja, anakaika paphewa, n'kulowa m'nyumba. Anadziwa, monga ndinadziwira ine, kuti bambo anandituma dala ulendo umenewu. Ankadziwa yankho ndisananyamuke. Anangofuna kuti alimve likutuluka m'kamwa mwa wina, pamaso pa akazi awo.

Loweruka m'mawa kapitawo anafika atavala malaya oyera, ngati wopita kukafunsira mbeta. Atangokhota pa sitolo ya matayala ndinamuona akuchepetsa liwiro, akukweza mphuno. Pa geti anatulutsa kampango n'kutseka kukamwa. Koma sanafunike kulowa. Anapeza amayi ali panja, wilibala ya aneba itadzaza: mapoto, mbale, zidebe, mbaula, thumba la mpunga. Sefuliya yaikulu ija anaisiya. Anyezi yense wa pa shelefu anamutaya kudzala, anati sakumukhulupiriranso.

"Akapitawo, khitchini imene mwabwera kudzaona ndi iyi," anatero. "Ikusamuka. Gwirani uku, mukaone komwe ikatsikire."

Kapitawo anayang'ana nyumba, anayang'ana wilibala, anapinda manja a malaya ake oyera. "Bola ndikankhe," anatero, "kusiyana n'kulowa umo."

Bambo anali pa windo. Ndinkayembekeza kuti atuluka, anene kanthu, ngakhale kokalipa. Anatuluka ndithu, wilibala itafika kale pa msewu. Anapita molunjika kudzala n'kuyamba kusanthula ndi kamtengo. Anyezi uja anali atasakanikirana ndi phulusa ndi madzi otsukira mbale. Anapukusa mutu n'kubwerera.

Lolemba chakudya chinapita kwa owotcherera zitsulo kuchokera kwa amayi aang'ono. Makasitomala ambiri anabwerera, kupatula mnyamata uja. Iye akuti akangoona nyemba thupi limachita tsembwe, ndipo amayi akamuona pa msewu amayang'ana pansi. Kwa amayi aang'ono ndi chipinda chimodzi ndi khonde, malo anga kulibe. Ndiye ndinatsala kuno. Masana aliwonse ndimapita kukatenga mbale ziwiri, yanga ndi ya bambo, poti amayi amati kukwiya ndi kwina, kupha munthu ndi njala ndi kwina. Akandipatsa amafunsa funso limodzi lokha.

"Shelefu ija ikadalipo?"

"Ikadalipo."

"Chabwino. Nyamula bwino, usatayire."

Sabata yomweyo ndinaona bambo akuvala jekete lawo la kuntchito, akupita kumsika. Chibadwire sindinawaonepo akugula chakudya. Anabwera ndi kajumbo, mkati muli anyezi mmodzi, wamkulu, wosalala, wosankhidwa bwino. Ndinati mwina njala yawaphunzitsa, mwina akufuna kuyamba kudziphikira, mwina ayamba kumva kusowa kwa munthu m'nyumba. Ndinawapatsa mpeni.

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anatsegula kachipinda, fungo linatuluka ngati munthu wothawa kundende. Pa shelefu yachiwiri panali mpata pakati pa adyo ndi anyezi wabodza. Anapukuta fumbi ndi mkono wa jekete, anamukhazika anyeziyo pakatipo, anamutembenuza pang'ono kuti aonekere mbali yabwino.

Pano waphuka. Bambo amalowamo m'mawa uliwonse kukamuyendera, ndipo akuti ndikapirira adzatulutsa maluwa, tidzaŵerengere limodzi timasamba take. Ine ndimadyera panja, pafupi ndi geti, nditafulatira nyumba. Mpata wa kunsi kwa chitseko changa ndinautseka ndi sikete yanga yakale ya yunifomu, koma mphemvu zaiboola kale.